Kagalu koopa udzu: za beagle wosowa pokhala ndi anthu amene amamusunga

Mwina kanemayu anakupezani nanunso pa WhatsApp kapena pa Facebook. Munthu waika kakhola ka waya pa kapinga n'kutsegula chitseko. M'katimo muli kagalu ka makutu ogwa, kakuda pamsana, kofiirira kumutu, koyera m'miyendo. Chitseko chili pululu koma iko sikakutuluka. Kakutulutsa mwendo umodzi, kukhudza udzu, n'kuubwezanso ngati kaponda khala la moto. Pansi pake alembapo kuti galuyu ndi wamkulu kale, koma aka n'koyamba kuponda udzu.

Kanemayu atafika pa gulu lathu lina la pa foni kuno ku Mzuzu, mayi wina anafunsa kuti, "Kodi ameneyu anali kundende? Analakwa chiyani?" Bambo wina anangoti, "Izo n'za azungu, ife tikulira ndi mtengo wa chimanga." Kenaka mnyamata wa ku Chibavi analemba kuti, "Achimwene, otere amapezeka kuti? Ndikufuna wolondera pakhomo." Palibe anafunsa zopanda pake, koma aliyense anagwira nkhaniyi mbali yake ngati akhungu pa njovu. Galuyo dzina la mtundu wake ndi beagle, ndipo kuti timvetse za khola lija tiyenera kuyamba ndi mphuno yake.

Galu woyendetsedwa ndi mphuno

Beagle ndi mtundu wa galu wochokera ku England. Ndi wamfupi, masentimita 33 mpaka 41 kuyeza paphewa, ndipo kulemera kwake n'kosasiyana kwenikweni ndi chigubu cha malita 10 chodzaza madzi, ena kupitirirapo pang'ono. Akasamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 15.

Anamuweta kuti azisaka akalulu ali pagulu, alenje akutsatira wapansi. M'zaka za m'ma 1830 m'busa wina wa tchalitchi, Phillip Honeywood, anali ndi gulu la agalu otere ku Essex, ndipo olemba mbiri ya mtunduwu ambiri amaloza kumeneko monga gwero la beagle wa masiku ano. Ku America bungwe la American Kennel Club linavomereza mtunduwu mu 1885.

Amene anapitako ku uzimba kumudzi sangavutike kumumvetsa. Galu akagwira fungo la kalulu, kumuitana n'kungotaya mawu. Beagle ali choncho tsiku lililonse, ngakhale pakati pa tawuni: mphuno pansi, mchira m'mwamba, makutu ngati atsekedwa ndi phula. Nsonga yoyera ya mchira ija inkathandiza mlenje kumuona m'udzu wautali. Mawu akenso ndi a ku uzimba. Kuwonjezera pa kuuwa wamba, amakuwa mokoka, kulira kwakutali komwe kunkauza mlenje kuti nyama yalowera uku. Ndiponso poti ankagona ndi kudya pagulu, sakonda ndewu ndipo amadana ndi kukhala yekha.

Mphuno yomweyo inamupezera ntchito ya boma. Kuyambira mu 1984, pa bwalo la ndege la Los Angeles, unduna wa zaulimi wa ku America unayamba kugwiritsa ntchito agaluwa ponunkhiza zikwama za apaulendo, kusaka zipatso ndi nyama zomwe zingalowetse matenda m'dzikomo. Amawatchula kuti Beagle Brigade. Anasankha beagle chifukwa saopseza anthu, ndipo ambiri mwa agalu a ntchitoyi amatengedwa kumalo osungirako agalu osowa pokhala.

Ndiye achimwene a ku Chibavi, yankho lanu ndi ili: kuuwa adzauwa ndithu, mwina mpaka aneba kudandaula, koma wakuba akabwera ndi fupa adzalandiridwa ndi mchira wogwedera.

Khola lija linali la chiyani?

Mayi uja sanalakwitse kwenikweni ponena za ndende, kungoti galuyo sanapalamule. Agalu ambiri a m'makanema otere amachokera m'malo awiri: m'malabu oyesera mankhwala, kapena m'mafamu oweta agalu ogulitsa ku malabuwo. Mwa agalu onse ogwiritsidwa ntchito pa kafukufuku, beagle ndiye amachuluka kwambiri.

Chifukwa chake n'chowawa mukachiganizira. Ndi wamng'ono, choncho sadya zambiri ndipo satenga malo. Ndi wofatsa, amalola kubayidwa jakisoni ndi kutengedwa magazi osaluma. Amakhala ndi anzake popanda ndewu. Palinso chifukwa china chomwe chimadzilimbitsa chokha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pamene asayansi a ku America ankayesa pa agaluwa mmene mphamvu ya nyukiliya imawonongera thupi, thupi la beagle lalembedwa ndi kuyezedwa koposa la galu wina aliyense. Wofufuza wa lero amafuna nyama yomwe angayerekeze zotsatira zake ndi za anzake akale. Zili ngati msika womwe aliyense amayezera chimanga mu ndowa ya mtundu umodzi: wobwera ndi ndowa yake yachilendo, palibe amene amukhulupirire.

Nanga kuyesa mankhwala pa nyama kunabwera bwanji? Kunabwera ndi maliro. Mu 1937 mankhwala ena amadzi omwe sanayesedwe anapha anthu opitirira 100 ku America, ndipo chaka chotsatira dzikolo linakhazikitsa lamulo loti mankhwala azitsimikiziridwa kaye kuti si oopsa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, mankhwala a thalidomide omwe amayi oyembekezera ankamwa anachititsa kuti ana opitirira 10,000 abadwe ndi ziwalo zopunduka. Kuchokera pamenepo malamulo analimba, ndipo unakhala mwambo kuti mankhwala atsopano ayesedwe pa mitundu iwiri ya nyama asanafike kwa munthu: wina wa gulu la mbewa ndi makoswe, wina wosakhala wa gululo. Malo achiwiriwo kawirikawiri amagwera galu.

Oikira kumbuyo kafukufukuyu amakumbutsa kuti insulin, yomwe odwala shuga amabaya lero ngakhale kuno kwathu, inapezeka ku Toronto mu 1921 poyesa pa agalu, komanso kuti akatemera ndi mankhwala a agalu eniakewo amayenera kuyesedwa pa agalu. Otsutsa amayankha kuti thupi la galu si la munthu, kuti mankhwala ambiri opambana pa nyama amakalephera pa anthu, ndipo kuti galu womva ululu ndi mantha sangasandutsidwe chipangizo. Mkanganowu si wa dzulo. Mu 1975 nyuzipepala ina ya ku Britain inasindikiza zithunzi za ma beagle atamangidwa zipangizo kukamwa, akukakamizidwa kukoka utsi wa fodya, ndipo dziko lonselo linagwedezeka. Pakati pa mbali ziwirizi pali mfundo zitatu zomwe asayansi awiri, William Russell ndi Rex Burch, anapereka mu 1959: pomwe pali njira ina nyama isagwiritsidwe ntchito, pomwe palibe chiwerengero chichepe, ndipo ululu uchepetsedwe. Malamulo a maiko ambiri lero amatsamira pa mfundozi.

Kupulumutsa

Mawuwa amamveka ngati munthu wathyola loko usiku, ndipo nthawi zina zachitikadi choncho. Koma kawirikawiri kupulumutsa ndi ntchito ya mapepala: galu amachotsedwa pamalo pomwe moyo wake uli pangozi kapena pomwe sakufunidwanso, kudzera m'khoti, m'chigwirizano, kapena mwini wake kumupereka yekha.

Nkhani yomwe inabala makanema ambiri aja ndi ya mu 2022. Kampani ya Envigo inali ndi famu yoweta ma beagle a m'malabu ku Cumberland, m'chigawo cha Virginia. Oyendera a boma anapezako agalu odwala ndi ovulala osathandizidwa, chakudya chowonongeka, ndi ana agalu opitirira 300 omwe anafa m'miyezi isanu ndi iwiri popanda chifukwa chofufuzidwa. Boma linakasuma, ndipo mapeto ake agalu pafupifupi 4,000 anatulutsidwa. Bungwe la Humane Society of the United States ndilo linatsogolera ntchito yowasamutsa, kuwagawira mabungwe ang'onoang'ono m'zigawo zosiyanasiyana. Mmodzi mwa agaluwo anakathera kunyumba kwa Prince Harry ndi mkazi wake Meghan. Mu 2024 kampaniyo inavomera mlandu ndipo inagwirizana zolipira ndalama zopitirira madola 35 miliyoni. Zofanana ndi izi zinachitikanso ku Italy mu 2012, pa famu ya Green Hill ku Montichiari, komwe agalu opitirira 2,500 analandidwa n'kuperekedwa kwa mabanja.

Palinso njira yachete. Galu akamaliza ntchito yake mu labu ali wathanzi, akhoza kuperekedwa kwa anthu m'malo mophedwa. Bungwe la Beagle Freedom Project, lomwe linayamba mu 2010 ku Los Angeles, linalimbikira kuti izi zikhale lamulo, ndipo Minnesota chinali chigawo choyamba kulikhazikitsa mu 2014. Galu wotere mumamudziwira kukhutu: m'kati mwa khutu muli zilembo ndi manambala odindidwa, ngati chizindikiro cha ng'ombe. Dzina amalandira atatuluka.

Kuno kwathu beagle wosowa pokhala sachokera mu labu. Njira yake ndi ina, yodziwika bwino kwa aliyense wokhala m'tawuni muno. Mlendo wogwira ntchito ku bungwe kontirakiti yatha, ndipo kukwera ndege ndi galu n'kodula komanso kwa mapepala ambiri. Banja lasamukira m'nyumba ya lendi yopanda mpanda ndipo landilodi wakana. Kapena munthu anagula kamwana ka galu chifukwa cha nkhope yokongola, akuganiza kuti wapeza mlonda, kenaka n'kupeza kuti wagula woimba usiku wokumba pansi pa mpanda. Kufatsa komwe kumamulowetsa mu labu kunja, kuno n'komwe kumamuchotsetsa ntchito.

Kusungira: galu woikizidwa

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Kusungira sikutenga galu kukhala wako. Ndi kumupatsa pogona kwa kanthawi, milungu kapena miyezi, pomwe mwini wake weniweni akufunidwa. Ife Amalawi zimenezi si zachilendo ayi. Munthu wopita ku Joni amaikiza mbuzi zake kwa mlamu wake: mlamuyo amazidyetsa, amazidziwa iliyonse khalidwe lake, koma si zake, ndipo tsiku lina zidzachoka. M'maiko momwe ntchitoyi inakhazikika, bungwe ndilo limakhala mwini galu pa nthawiyi ndipo nthawi zambiri limalipira za kuchipatala, wosungayo n'kupereka nyumba ndi nthawi yake. Agalu 4,000 aja sakanakwana m'makola a mabungwe popanda anthu otere.

Bwanji osangomusiya m'khola la bungwe? Chifukwa galu wokulira m'khola sadziwa nyumba. Sadziwa masitepe, sadziwa kuti kuchimbudzi ndi panja, amanjenjemera ndi wailesi kapena tsache. Zimenezi amaphunzira pakhomo pa munthu. Wosungayo ndiyenso amadziwa zoti auze wodzamutenga: uyu amagwirizana ndi ana, uyu nkhuku musamuyandikize.

Ine ndinazionera pafupi chaka china mu Juni. Mlonda wina wachikulire ku Katoto anasiyiridwa beagle ndi abwana ake omwe ankabwerera kwawo. Anamulonjeza kuti azitumiza ndalama ya chakudya, ndipo inabweradi miyezi iwiri, kenaka zii. Madalawo anapita naye kunyumba kwawo ku Mchengautuwa n'kumumanga pa tcheni pansi pa mtengo wa mapeyala. Galu wozolowera kugona m'nyumba, pa kuzizira kwa Mzuzu kuja, analira usiku uliwonse mpaka aneba anafika pokwiya. Tsiku lina anandipeza nati, "Bwana, ntchewe iyi yanditopetsa, koma kuitaya sindingathe. Mundisungireko." Ndinati, "Adada, bwerani nayo, tiona."

Masiku atatu oyamba sanadye pamaso panga. Ankadikira ndichoke, kenaka mbale n'kuyera. Anagona pa thumba lakale kuseri kwa chitseko cha khitchini, mphuno atabisa pansi pa mchira. Sabata yachiwiri anatsegula kabati ndi mphuno n'kumaliza usipa wa sabata yonse. Sabata yachitatu anakumba pansi pa mpanda, ndipo amene anamubweretsa anali mnyamata wa njinga ya kabaza, yomwe kuno timati sakaramento, atamukhazika pampando wa pasinjala ngati kasitomala, akuti wamupeza akununkhiza ma bini kufupi ndi msika wa Zigwagwa. Ndinalipira ulendowo mosanyinyirika. Anthu a mabungwe osamalira agalu ali ndi kanenedwe kawo koti masiku atatu ndi a mantha, milungu itatu ndi yophunzira za pakhomo, miyezi itatu ndiyo galu amadzimva kuti wafika. Si lamulo la sayansi, koma kwa uyu zinayenda pafupifupi choncho.

Chovuta chomwe palibe anandiuza ndi tsiku lomupereka kwa womutenga. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mame akewa anali atazolowera kundidikira pa geti. Osunga ena amalephera kumupereka n'kungomutenga okha, ndipo palibe amawadzudzula, kungoti pakhomo pamenepo pamakhala patatsekeka kwa galu wina wotsatira.

Kutenga

Uku ndiko kukhala mwini wake mpaka imfa. Kumasiyana ndi kugula chifukwa mafunso amalowera kwina: pogula, iwe ndiwe umafunsa za galu, potenga, opereka ndiwo amafunsa za iwe. Mpanda ulipo? Masana pakhomo pamakhala munthu? Mukadzasamuka adzapita kuti? Ena amabwera kudzaona pakhomo, ngati ankhoswe. Ndalama yomwe amapempha imakhala yobwezera katemera ndi opaleshoni yotseka kubereka. Ku Malawi kuno ntchito yotere imadziwika ndi bungwe la LSPCA ku Lilongwe, lomwe linayamba mu 2008, ndi la BSPCA ku Blantyre. Kwa wa ku Mzuzu, Lilongwe ndi ulendo wa makilomita opitirira 300 pa M1, n'chifukwa chake agalu ambiri kuno amasintha manja pakati pa anthu odziwana, popanda pepala lililonse.

Akafika pakhomo

Choyamba ndi chiwewe, ndipo apa nkhani ya galu imasanduka nkhani ya ana athu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba, kuchira kulibe. Akatswiri amati kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera kumadula kufala kwa matendawa, ndipo ndicho cholinga chomwe bungwe la Mission Rabies lakhala likutsata ku Blantyre kuyambira mu 2015. Galu amene simukudziwa mbiri yake, kaya ndi wokongola chotani, apite kaye kwa a zaziweto akabayidwe, ndipo khadi lake musunge. Akaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Ana agalu amafunanso katemera wa parvo, matenda otsekula m'mimba mwa magazi omwe amapha msanga. Mankhwala a njoka za m'mimba, a utitiri ndi a nkhupakupa akhale a nthawi ndi nthawi. Nkhupakupa zimabweretsa matenda otha magazi: galu akafooka, kusiya kudya, nkhama n'kuyera, musadikire mawa. Mvula ya kuno imakhalitsa, ndipo pa dothi lonyowa ndi mkodzo mphutsi zimalowa pakhungu, choncho pogona pake pakhale pouma ndi pokwera.

Za beagle payekha, yang'anani makutu. Poti ndi ogwa, mphepo silowa, chinyezi chimakhalira, ndipo amayamba kununkha ndi kuyabwa. Kuwatukula kamodzi pa sabata n'kuona m'kati kumapulumutsa ndalama zambiri. China ndi mimba. Beagle sadziwa kukhuta, ndipo amanenepa mosavuta. Nsima ya mgaiwa kapena madeya ophika zokha sizikwanira, pamafunika usipa kapena bonya, ndi muyezo. Anyezi, chokoleti, mphesa ndi mafupa ophika a nkhuku ayi. Panado ndi Brufen za anthu musamupatse mwa nzeru zanu, zikhoza kumupha. Ndipo poti amatola chilichonse chonunkhira, mankhwala a makoswe ndi nyama ya poizoni yoponyedwa pa mpanda zimamupeza iye msanga kuposa galu wochenjera wa kumudzi.

Tcheni si yankho la kuthawa kwake, imangowonjezera kulira. Chimene chimathandiza ndi mpanda wotsekedwa pansi, kuyenda naye pa chingwe tsiku ndi tsiku n'kumulola anunkhize mpaka atope, komanso mnzake woti azikhala naye. Kufula wamphongo ndi kutseka wamkazi kumachepetsa kuyendayenda, ndipo kumaletsa vuto kuchulukana: wamkazi amatha kutenga bere kawiri pa chaka, bere la miyezi iwiri yokha, ana asanu kapena asanu ndi mmodzi pa ulendo umodzi.

Zomwe sizinayankhidwe

Kodi malabu angasiyiretu agalu? Mu Disembala 2022 America inachotsa m'lamulo lake mawu okakamiza kuti mankhwala atsopano ayesedwe pa nyama, n'kutsegulira njira zina monga maselo a munthu okulitsidwa mu labu ndi kuwerengera kwa kompyuta. Koma kuloleza sikuletsa, ndipo asayansi akadakangana ngati njirazi zingaonetse zonse zomwe zimachitika m'thupi lathunthu. Ngakhale pakati pa okonda nyama pali kusiyana: ena amati kupereka agalu a mu labu kwa mabanja n'chifundo chenicheni kwa galu amene alipoyo, ena amati kumangotsuka nkhope ya ntchitoyo pomwe khola lotsala likudzazidwa ndi galu wina.

Kwathu kuno mafunso ndi ena. Bambo wa chimanga uja ali ndi mfundo yomwe sitingaizembe: m'dziko lomwe mabanja ambiri amavutika kupeza chakudya, ndani alipire katemera ndi opaleshoni ya galu wopanda mwini? Omuyankha amati galu wosabayidwa ndiye amaluma mwana wa wosauka yemweyo. Palinso funso la tsankho la mitundu. M'misewu ya Luwinga ndi Chiputula muli agalu achikuda osowa pokhala, olimba ku matenda a kuno, odziwa kulondera, koma chithunzi cha beagle ndicho chimayenda pa foni. Kodi kutchuka kwa mtundu umodzi kumakopa anthu kuti asamalire agalu onse, kapena kumangokweza mtengo wake, n'kulimbikitsa oswetsa agalu kuseri kwa nyumba ndi akuba agalu?

Lamulo loteteza nyama ku nkhanza, Protection of Animals Act, lilipo m'dziko muno, lakale ndithu. Koma nkhani ngati ya madala a ku Mchengautuwa imagwera pakati. Galu anasiyidwa ndi mawu apakamwa, ndalama inaleka, wina anamusunga, wina anamutenga. Abwana aja atati atulukire chaka chamawa n'kunena kuti ndabwerera galu wanga, galuyo ndi wa yani: wa amene anamugula, wa amene anamudyetsa madeya a ana ake miyezi inayi, kapena wa amene dzina lake lili pa khadi la katemera?